Kulira kwa sipika kwapeza nchito ku Kambombo

Imwe amene mukwera minibasi pa Kulima Tower m'mawa uliwonse, phokoso ili mulidziwa. Mlaliki akangoyandikiza maiki ku sipika, pamveka "tswiii!" ndipo aliyense, na kondakitala yemwe, agwira makutu. Azungu amati feedback. Mau ocoka mu sipika alowanso mu maiki, makina awakuza, atulukanso, alowanso, mpaka makutu awawa.

Ine ndinali kuona ngati ni vuto cabe, kufikira mwezi watha pamene ndinapita kukaona ambuya ku Kambombo, m'boma la Chama. Kumeneko ndinapeza msuweni wanga akuliweta phokosoli monga mbuzi.

Mnyamatayu amadyera masipika awiri, mixer na kibodi, zimene amabwereketsa pa maukwati na misonkhano ya chalichi. Moto wake ni sola na batire ya motoka. Madzulo ena ndinamuona atenga waya, aulumikiza potulukira mau pa mixer, mbali inayo aubweza polowera mau pa mixer yomweyo. Makina ayamba kudzimvera okha. Anakweza voliyumu pang'onopang'ono kucokera pa ziro, nacepetsa treble, nakweza bass. M'malo mwa "tswiii" uja, panabwera mkokomo wapansi ngati mvula ili kutali. Ndiye anakanikiza kabatani kamodzi pa kibodi, naika echo, mkokomo unayamba kupuma monga cinyama.

Nchito yake ni ya ndakatulo. Chama ni dziko la mpunga, koma ni dzikonso la njovu zocokera m'malo a nyama monga Musalangu. Mtsikana wina wa m'mudzimo analemba ndakatulo m'Cisenga yonena za munda wa amai ake umene njovu zinatsiriza usiku umodzi. Poyamba anali kuilakatula pa mabiti a mu foni, koma anthu anali kungovina, mau osawamva. Mkokomo uja ulibe povinira. Tsiku limene ndinaliko, agalu anauwa, ana anakhala pansi, azimai amene amagonera ku minda analeka kuyankhula. Mau a mtsikanayo anamveka onse, limodzi limodzi, cifukwa maiki yake inali pa channel yakeyake, ndipo iye akatsegula pakamwa msuweni anali kutsitsa mkokomo.

Msuweni sindiye woyamba. A Beatles anayamba nyimbo yao ya I Feel Fine na feedback mu 1964. Ku Tokyo, Toshimaru Nakamura anachuka na kuliza mixer yopanda coimbira ciliconse, mwa njira yomweyi ya waya wobwerera. Oliza synthesizer naonso amabweza mau a makinawo mkati mwake kuti akhuthale. Ngakhale kuno kwathu, amene anakula na Zamrock ya Paul Ngozi m'ma 1970 adziwa kuti gitala yolira mwaukali nayo ni nyimbo.

Koma masewerawa ali na mtengo. Pophunzira, msuweni anakweza kamodzi mopitirira, kasipika ka mau aang'ono, tweeter, kanapsa pomwepo. Cina anacita kuitanitsa ku Lundazi, ndipo podikira ukwati umodzi unamupita. Amalume mpaka lero amuyang'ana na diso lofiira akamuona agwira waya uja.

Ngati muli na mwana wokonda ndakatulo ku Matero kapena ku Chawama, ndipo afuna kuyesa, muuzeni zitatu. Ayambe voliyumu ili pa ziro. Ayesere pa sipika yakale, osati ya chalichi. Ndipo asavale mahedifoni, pakuti feedback imalumpha mosacenjeza. Sipika mugula ina, khutu simungagule.

Dzulo pa siteshoni maiki ya mlaliki inaliranso. Onse anagwira makutu. Ine ndinadzipeza ndikufunafuna na maso pamene pali kabatani ka treble.