Ana awiri, milandu iwiri: Scout wa ku Alabama ndi Njoroge wa ku Kenya

Harper Lee anasindikiza To Kill a Mockingbird ku America mu 1960, ndipo chaka chotsatira bukulo linapata mphoto ya Pulitzer. Patangopita zaka zinayi chitulukire bukulo, kampani ya Heinemann inatulutsa Weep Not, Child, buku la mnyamata wa ku Kenya amene nthawiyo ankasaina James Ngugi, yemwe dziko linadzamudziwa kuti Ngugi wa Thiong'o. Onse awiri anali manovelo oyamba a eni ake kusindikizidwa, ndipo onse akusimba za mwana amene akukula pakati pa tsankho la khungu, kenaka n'kutulukira kuti lamulo nalo limasankha nkhope. Ukawawerenga motsatizana, chimene chimaonekera msanga ndi malo amene mwana aliyense waima pamene zoipazo zikuchitika.

Scout Finch ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi nkhani ikamayamba, m'tauni yongopeka ya Maycomb ku Alabama, pakati pa 1933 ndi 1935 pamene chuma cha America chinali chitagwa. Bambo ake, a Atticus, ndi loya amene wapatsidwa ntchito yoimira Tom Robinson, munthu wakuda woimbidwa mlandu wogwiririra mtsikana wachizungu, Mayella Ewell. Umboni ndi wosavuta kuutsata. Mayella anatupa mbali ya kumanja ya nkhope, zosonyeza kuti anamenyedwa ndi munthu wamanzere. Dzanja lamanzere la Tom linalumala ali mwana litakodwa m'makina ochotsera njere za thonje, pomwe Bob Ewell, bambo wa mtsikanayo, alemba dzina lake ndi dzanja lamanzere khoti lonse likuona. Ngakhale zili choncho, amuna 12 achizungu ogamula mlandu amupeza Tom wolakwa. Pambuyo pake aomberedwa kundende zipolopolo 17, akuti amafuna kuthawa.

Mlanduwu Scout ndi mlongo wake Jem akuuonera pakhonde la m'mwamba m'khoti, malo amene anapatulira anthu akuda, atakhazikidwa ndi Abusa Sykes. Khondeli n'lofunika kuliganizira. Ana achizungu akhala pamalo a anthu oponderezedwa, akuona mlandu monga mmene anthuwo akuuonera, ndipo Jem atuluka akulira ndi mkwiyo. Koma likatha tsikulo anawo atsika masitepe, apita kwawo kukagona, ndipo m'mawa apeza khitchini yadzaza ndi zakudya zimene anthu akuda abweretsa pothokoza bambo awo. Chimene chasweka mwa Jem ndi chikhulupiriro chakuti anthu a m'tauni yake ndi abwino. N'chinthu chachikulu ndithu kwa mwana, koma denga la kwawo lili chilili.

Kwa Njoroge, mnyamata wa mu Weep Not, Child, kulibe malo oonerera. Bambo ake, a Ngotho, amalima m'munda wa Bwana Howlands, malo amene kale anali a makolo awo, ndipo nyumba zawo anamanga pamalo a Jacobo, Mkikuyu wolemera amene boma la atsamunda linamulola kulima mbewu ya pyrethrum. Amene anamva kwa agogo ake za thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje safunika kumufotokozera mtima wa munthu wolima nthaka ya makolo ake ngati waganyu. Pa msonkhano wa sitiraka a Ngotho alumphira Jacobo, ndipo ntchito ndi malo okhala zithera pomwepo. Mu 1952 boma lilengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti pofuna kuthana ndi Mau Mau. Howlands asanduka mkulu wa boma m'deralo, Jacobo asanduka mfumu. Mlandu umene mudzi wonse ukuutchera khutu ndi wa Jomo Kenyatta, amene m'mbiri yeniyeni anaweruzidwa ku Kapenguria mu 1953 n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri. Njoroge saona khotilo, amangomva akuluakulu akukambirana madzulo.

Apa ndi pamene mabukuwa asiyanira kwambiri. Ku Maycomb chilungamo chimapotozedwa, komabe mwambo wa khoti umatsatidwa: pali woweruza, mboni, loya wofunsa mafunso, ndipo a Atticus akuyembekezera kuchita apilo. Njoroge, Jacobo ataphedwa, achotsedwa ndi apolisi kusukulu ya sekondale ya Siriana, amenyedwa, ndipo Howlands amupana kumaliseche ndi chitsulo kuti aulule za lumbiro la Mau Mau limene sanalumbire. Bambo ake, amene avomera mlandu wosapalamula kuti apulumutse mwana wawo wina, afulidwa ngati ng'ombe ndipo amwalira atangotulutsidwa. Palibe loya amene atchulidwa m'nkhani imeneyi.

Kusalakwa kwa ana awiriwa nako n'kwa mitundu iwiri. Kwa Scout n'kusadziwa, ndipo nthawi zina kumagwira ntchito ngati mankhwala. Usiku umene gulu la amuna libwera kundende kudzapha Tom, kamtsikanaka kazindikira a Cunningham pakati pawo n'kuyamba kuwacheza za mwana wawo Walter, amene ali naye kalasi imodzi. Bamboyo achita manyazi, gulu n'kubalalika. Ndimeyi ndimaikonda, ngakhale mtima wanga sukhulupirira kwenikweni kuti gulu lolusa lingabwezedwe ndi moni wa mwana. Kwa Njoroge kusalakwa ndi chikhulupiriro: amakhulupirira sukulu, Baibulo, ndiponso kuti iye akadzaphunzira adzaombola banja lake ndi dziko lomwe. Ngugi samuchitira chifundo pa zimenezi. Amaonetsa kuti mawu a mnyamatayu onena za mawa abwino ndi pobisalira, kotero kuti mnzake Mwihaki, mwana wa Jacobo, amamufunsa mafunso amene iye alibe yankho lake. Mphunzitsi Isaka aphedwa ndi asilikali ali pa ulendo wa zachipembedzo, koma Njoroge apitirizabe kulota.

Pa luso la kalembedwe, ndinganene kuti Lee ndiye wakupsa. Scout amasimba yekha atakula, moseketsa, ndipo nthabwala zake zimachititsa kuti nkhani yowawa imezeke. Nkhani ya Boo Radley, mnansi wosatuluka m'nyumba amene ana amamuyesa chilombo, inalukidwa bwino ndi ya Tom, moti mwana amaphunzira za tsankho kuyambira pa lake lomwe. Ngugi analemba buku lake ali wophunzira ku Makerere, ndipo m'malo ena zimamveka kuti ndi dzanja la mnyamata. Anthu ena monga Jacobo sanawaumbe mokwanira. Komabe kukumana kwa Njoroge ndi Stephen, mwana wa Howlands, pa tsiku la mpira kusukulu, pamene aululirana kuti ali ana aliyense ankaopa mnzake, kukunena m'masamba ochepa zimene nkhani ya Boo imanena m'buku lonse. Ndipo Ngugi ankalemba zimene zinamukhudza pakhungu: mkulu wake analowa Mau Mau kunkhalango, ndipo iye mwini pochokera ku Alliance High School patchuthi anapeza mudzi wakwawo utagwetsedwa.

Chimene chimandivuta m'buku la Lee ndi banja la Tom. Ali ndi mkazi, Helen, ndi ana atatu, koma timawaona mwakanthawi, makamaka tsiku limene a Atticus akapereka uthenga wa maliro, ndipo ngakhale apo timamva kudzera mwa Dill, mnzawo wa ana a Finch. Imfa ya Tom imasanduka phunziro la ana a loya. Ndikamawerenga Weep Not, Child ndimamva ngati mmodzi wa ana aja wapatsidwa buku lakelake, kuti tione zimene zimatsala pakhomo bambo akatengedwa.

Mathero ake onse ali usiku. Bob Ewell aukira ana a Finch ndi mpeni, Jem athyoka mkono, Boo awapulumutsa, ndipo mkulu wa apolisi Heck Tate agamula yekha kuti Ewell anagwera pa mpeni wake. Lamulo lapindidwanso, ulendo uno mokomera anthu amene timawakonda. Scout agona bambo ake akumuwerengera buku, ndipo a Atticus akachezera pambali pa bedi la Jem. Njoroge, bambo atamwalira, mkulu wake Boro atapha Howlands n'kukadzipereka, ntchito ya m'sitolo ya Mmwenye itatha, Mwihaki atakana kuthawa naye, atenga chingwe kupita pamtengo. Amayi ake, a Nyokabi, amutsatira ndi chikuni choyaka akuitana dzina lake, ngakhale lamulo likuletsa kuyenda usiku, ndipo amayi ake aakulu, a Njeri, nawo atulukira. Iye abwerera akudziona ngati wamantha, n'kuthamangira kutsogolo kukawatsegulira chitseko.