Mbiri ya Asidi Yolembedwa m'Matope a Nyanja ya m'Mapiri

M'mapiri a Galloway, kumwera chakumadzulo kwa Scotland, muli kanyanja kotchedwa Round Loch of Glenhead. Kanyanjaka kanabadwa zaka zoposa 10,000 zapitazo, madzi oundana amene anakuta dzikolo atasungunuka. Kakhala pa thanthwe la granite, mwala wouma umene umafumbutuka pang'onopang'ono ndipo uli ndi kashiamu wochepa. Kashiamu ndi maginiziyamu ndiyo michere yothetsa mphamvu ya asidi, choncho madzi ochokera pa thanthwe lotere amakhala ndi chitetezo chochepa.

Mbiri ya nyanja imasungika m'matope a pansi pake, amene amaunjikana chaka ndi chaka. M'matopemo mumatsalira zigoba za tindere tosaoneka ndi maso totchedwa diatom. Mtundu uliwonse wa tindereti uli ndi mlingo wa asidi umene umakonda. Pofukula matope ndi kuwerenga zigobazo, akatswiri amadziwa pH ya madzi a nthawi yakale. Pa muyeso umenewu 7 ndi pakati, ndipo kutsika ndi nambala imodzi kutanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi.

Mu 1983, Roger Flower ndi Richard Battarbee a ku University College London anafalitsa zimene anapeza ku Galloway, ndipo kafukufuku wina anatsatira. Zinaoneka kuti kwa zaka zikwizikwi madzi a Round Loch anali ndi asidi wachilengedwe wosasinthasintha kwambiri, wa pH pafupifupi 5.5 kapena kupitirirapo pang'ono. Koma kuyambira cha m'ma 1850 pH inayamba kutsika mpaka kufika pansi pa 5. Gwero lake linali utsi wa salufa wochokera ku malasha a m'mafakitale, umene unkagwa pamodzi ndi mvula.

Mayiko a ku Ulaya ndi North America atasainirana pangano la ku Geneva mu 1979, utsiwo unachepetsedwa. Kuyeza madzi a kanyanjaka kuyambira 1988 kwasonyeza kuti asidi watsika, komabe tindere ta kale sitinabwerere monse mmene tinalili.

Phunziro lake likukhudza alangizi a zaulimi, pakuti nthaka imatsata lamulo lomwelo. Kumpoto kwa Zambia ndi m'madera a tiyi ku Mulanje, mvula yambiri yakhala ikutsuka kashiamu m'nthaka kwa zaka zosawerengeka. Feteleza wa salufeti, akamathiridwa chaka ndi chaka popanda laimu, amafulumizitsa ntchitoyo monga utsi unachitira ku Galloway. pH ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu amayamba kusungunuka. M'nyanja amawononga ziwalo zopumira za nsomba, m'munda amapinimbiritsa mizu ya chimanga.

Michere imene inasonkhana kwa zaka zikwi zambiri ingathe kutha m'mibadwo yochepa, ndipo kubwerera kwake nkochedwa. Nchifukwa chake kuyeza nthaka kawirikawiri ndi kuthira laimu nthawi ikadalipo kumaposa kudikira kuti masamba ndi zokolola zionetse vutolo.