Chaka chimene Kamuzu anafuna Katete

Mu September 1968, Dr. Hastings Kamuzu Banda ananena poyera kuti atsamunda analichepetsa dziko la Malawi. Malire enieni, malinga ndi iye, amafika ku mtsinje wa Luangwa kumadzulo ndi ku Zambezi kummwera. Zikanatheka zimenezo, madera a m'Zambia monga Chipata, Katete ndi amene lero ndi maboma a Sinda ndi Vubwi bwenzi akulamulidwa kuchokera ku Zomba, likulu la nthawiyo.

Umboni wake unali ufumu wakale wa Maravi, ndipo apo sananame. Pangano la 1891 la Britain ndi Portugal linang'amba dziko la Achewa, ndipo Angerezi anagawanso gawo lawo pakati pa Nyasaland ndi Rhodesia. Mpaka lero ku Vubwi si chachilendo munthu kulima m'Zambia, kukagona maliro ku Mchinji, malume ake ali ku Tete.

Chovuta n'chakuti mwini wake wa mbiriyo, Kalonga Gawa Undi, amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo mafumu a Achewa a ku Malawi ndi Mozambique amapita kumeneko kukamupatsa ulemu. Tsono titati titsate mfundo ya Kamuzu mpaka kumapeto, ndani akanameza mnzake? Ngakhale Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, akanakhala pangozi.

Mkangano weniweni unali wa ndale. Ena mwa amene anathawa Kamuzu pa chipwirikiti cha nduna cha 1964 anabisala m'Zambia, ndipo mu 1967 Malawi anapalana ubwenzi ndi boma la tsankho la South Africa, zomwe Lusaka inanyansidwa nazo. Kenneth Kaunda, pulezidenti wa Zambia nthawiyo, amene bambo ake omubereka anachokera ku Nyasaland, anakana kwamtuwagalu kupereka dera lililonse. Anali ndi poimira: mu 1964 ku Cairo, bungwe la OAU linagwirizana kuti malire amene mayiko anawapeza polandira ufulu asasunthidwe. Lamuloli linasiya mabanja ogawikana, komabe atsogoleri ankadziwa kumene kumeza dziko kumathera. Mwachitsanzo, America itatenga Texas mu 1845, dziko limene linali litadzilamulira lokha kuyambira 1836, chaka chotsatira kunabuka nkhondo ndi Mexico.

Kuno mfuti sizinalire. Nkhaniyo inazilala, mayiko awiriwa n'kutumizirana akazembe patapita zaka zochepa.

Chimene Kamuzu ankati akufuna, kuti Achewa akhale amodzi, chinadzera njira ina. Mwambo wa Kulamba, umene atsamunda analetsa, unatsitsimutsidwa mu 1984, ndipo kumapeto kwa August aliyense magalimoto amadutsa malire pa Mwami ndi pa Chanida kupita ku Mkaika atanyamula mafumu, anamwali ndi Gule Wamkulu. Mu 2007 apulezidenti Levy Mwanawasa wa Zambia, Bingu wa Mutharika wa Malawi ndi Armando Guebuza wa Mozambique anafika onse atatu ku Mkaika monga alendo a Gawa Undi.