NDALAMA ZA TIMU YA MPIRA ZIYAMBIRE PATI?

Nyengo ya mpira ikayandikira, akulu a makalabu a ku Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi amasonkhana kuti awerenge ndalama za m'thumba la timu. Ndalamazo zimakhala zocepa, koma zofunika ziri zambiri: malipiro a osewera, basi, cakudya ca paulendo, nsapato ndi mankhwala. Kunja anthu okonda mpira amapfuula kuti kalabu igule mnyamata wodziwa kumwetsa zigoli. Tsono nkhani ya lero iri pa funso limeneli: pamene ndalama sizikwanira zonse, kodi ziyambire pati?

Anthu a ku Migodi akumbukira kuti kale bvutoli silinali lalikuru kwao. Makalabu monga Roan United, amene anatenga ligi yoyamba ya dziko lonse m'caka ca 1962, ndi Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ndi Rhokana United, amene lero acedwa Nkana, anali kuleredwa ndi makampani a migodi. Wosewera wabwino anali kupatsidwa nchito ndi nyumba, ndipo kampani inali kusamala bwalo ndi maulendo. Koma migodi ya ZCCM itagulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000, makalabu ambiri anayamba kuona umphawi. Ku Chipata kulibe mgodi waukuru wotere. Timu ya kumeneko imadalira alimi, a masitolo ndi anthu olipira pacipata ca bwalo, ndiponso ikafuna kukasewera ku Lusaka iyenera kuyenda mtunda wa makilomita oposa 550. Cotero kwaca iri yonse iyenera kugwera pamalo pace.

Pali masewera ena a ku Amereka, ocedwa baseball, amene aphunzitsa bwino za nkhaniyi, pakuti kumeneko malipiro a timu iri yonse amadziwika poyera. Mbali iri yonse imakhala ndi anthu 9. Mmodzi amaponya kampira kolimba, ndipo wa mbali ina amayesa kukamenya ndi cibonga. Woponyayo akalephera, anzace 8 sangathe kumpulumutsa. Ali ngati munthu woyendetsa makina otsitsa ndi kukweza anthu mumgodi: iye akapanda kufika, shifiti yonse yaima, ngakhale okumba ali amphamvu cotani.

Nchito ya woponya woyamba masewera njolemetsa. Amaponya nthawi pafupifupi 100 tsiku limodzi, kawirikawiri paliwiro la makilomita 150 pa ola, ndipo pambuyo pace dzanja liyenera kupumula masiku anai kapena asanu. Popeza timu imasewera kokwana 162 panyengo imodzi, imafuna oponya oyamba asanu olandizana, ndi ena apadera odikira tsiku limene mnzao adzapweteka cigongono kapena phewa.

Makalabu olemera amagula anthu otere ndi ndalama zoopsa. M'mwezi wa December 2023 kalabu ya Los Angeles Dodgers inapangana ndi Yoshinobu Yamamoto wa ku Japan kumlipira madola mamiliyoni 325 pa zaka 12. Ngakhale zinali conco, pofika masewera otsiriza a caka ca 2024 kalabuyo inatsala ndi oponya oyamba atatu okha, ena atapweteka. Inapambanabe, koma eni ace anaona pamene denga linadontha, ndipo anaonjeza Blake Snell pa madola mamiliyoni 182. M'caka ca 2025 anatenganso cikho pogonjetsa Toronto Blue Jays, ndipo mwa masewera anai amene anapambana, atatu analembedwa pa dzina la Yamamoto.

Nanga osauka acite ciani? Yankho liri m'mbiri ya kalabu ya Oakland Athletics. M'caka ca 2002 malipiro ace onse anali pafupifupi madola mamiliyoni 40, pamene a New York Yankees anali pafupifupi mamiliyoni 125, koma makalabu onse awiri anapambana kokwana 103. Cimodzi ca zifukwa zace cinali cakuti Oakland inali ndi oponya oyamba atatu, Tim Hudson, Mark Mulder ndi Barry Zito, amene inawatenga ali anyamata niwalera yokha, motero malipiro ao anali akali ocepa. Atakula mtengo onse atatu anacoka. Zito anapita ku San Francisco Giants kumapeto kwa 2006 pa madola mamiliyoni 126.

Maphunziro awiri a nkhaniyi agwiranso nchito pa mpira wa miyendo. Loyamba ndi lakuti ndalama ziyambire pamalo pamene kulakwa kwa munthu mmodzi kugwetsa timu yonse, ndipo malowo ndi pagolo. Wakutsogolo akaphonya kasanu, angathe kumwetsa kacisanu ndi cimodzi. Goloboyi akaphonya kamodzi, cigoli calowa. M'mwezi wa February 2012, pamene Zambia inatenga cikho ca Afirika, Kennedy Mweene anagwira penoti ya Asamoah Gyan wa ku Ghana, ndipo Zambia inapambana 1-0. Ku Libreville, pokomana ndi Ivory Coast, anasunga golo lace mphindi 120 osalowetsa kanthu, nagwiranso penoti ya Kolo Touré, ndipo Zambia inapambana 8-7 pa mapenoti. Kalabu yanzeru iyenera kukhala ndi agoloboyi awiri odalirika, ndi kuwalipira pa tsiku lace, isanayambe kufunafuna dzina lomveka lakutsogolo.

Phunziro laciwiri ndi lakuti cimene wosauka sangathe kugula ayenera kucilera. Dziko la kum'mawa liri nao anyamata aluso. Fashion Sakala, wobadwira ku Chipata m'caka ca 1997, anasewera ku Nchanga Rangers ndi ku Zanaco, napita ku Russia m'caka ca 2017, ku Oostende ku Belgium m'caka ca 2018, ku Rangers ya ku Glasgow m'caka ca 2021, ndi ku Al-Fayha ku Saudi Arabia m'caka ca 2023. Mnyamata wotere palibe kalabu ya m'tauni yaing'ono ingathe kumsunga. Koma lamulo la FIFA liti, wosewera akagulitsidwa kucokera ku dziko lina kupita ku lina, magawo 5 mwa magawo 100 a mtengo wace agawidwe kwa makalabu amene anamphunzitsa kuyambira zaka 12 kufikira zaka 23 zakubadwa. Ndalamazi zimatsata zolembedwa m'mabuku a bungwe la FAZ. Kalabu imene inalera mwana koma osamlembetsa idzangomva pa wailesi kuti wagulitsidwa.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Komiti imene ipatula coyamba ndalama za ulendo ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, nisamala pagolo, nilembetsa anyamata ace onse ang'onoang'ono, idzafika kumapeto kwa nyengo iri ciriri, ndipo caka camawa idzakhala ndi poyambira.