Chama: boma lokhala pakati pa misewu iwiri ikuluikulu

Mpunga wa ku Chama umadziwika ndi fungo lake. Ukaphikidwa ku Matero kapena ku Kabwata mu Lusaka, anansi sachita kufunsa kuti wachokera kuti. Koma usanafike mumphika umayenda ulendo wautali: kuchoka m'madambo a chigwa cha Luangwa, kukwera mtunda wa ku Lundazi, kutsata msewu wa M12 makilomita pafupifupi 180 mpaka ku Chipata, kenaka kulowa Great East Road, makilomita enanso oposa 550 kukafika ku Lusaka. Pa ulendo wonsewu, chigawo chomwe madalaivala a malole akhala akuchidandaula kwa zaka zambiri ndi choyambiriracho, cha pakati pa Chama ndi Lundazi: fumbi m'chilimwe, matope ndi mitsinje yodzaza m'dzinja.

Ukayang'ana mapu a Zambia, misewu iwiri ikuluikulu imasiyana pa Lusaka ngati mphanda ya mtengo. Wina ndi Great East Road, kapena T4, wopita ku Chipata, tauni yomwe atsamunda ankaitcha Fort Jameson, n'kukathera pa chipata cha Mwami polowera ku Mchinji. Winayo ndi Great North Road, T2, wodzera ku Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Isoka mpaka ku Nakonde. Chama ili pakati pa nthambi ziwirizi, ndipo palibe yomwe imaikhudza.

Msewu wa kumpotowo unakula chifukwa cha mavuto. Ian Smith atalengeza mu Novembala 1965 kuti Rhodesia yadzilamulira popanda chilolezo cha Britain, mafuta a galimoto anasiya kubwera ku Zambia kudzera kummwera. Boma la Kenneth Kaunda linatembenukira ku Dar es Salaam. Malole onyamula migolo ya mafuta ankalimbana ndi msewu wadothi womwe madalaivala anaupatsa dzina loti Hell Run, chifukwa cha ngozi ndi matope. Kenaka panabwera paipi ya mafuta ya TAZAMA mu 1968, phula, ndi njanji ya TAZARA m'ma 1970. Zonsezi zinadutsa pamwamba pa mapiri a Muchinga. Asenga a mafumu Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda, kumunsi m'chigwa, ankangomva mbiri yake.

Mu 2011 pulezidenti Michael Sata anakhazikitsa chigawo chatsopano cha Muchinga, likulu lake ku Chinsali, ndipo Chama inachotsedwa ku chigawo cha Kummawa n'kuikidwa kumeneko. Papepala zinali zosavuta. Pansi pano, pakati pa Chama ndi Chinsali pali mtsinje wa Luangwa ndi chikweza cha Muchinga. Mphunzitsi wofuna kusainitsa kalata kulikulu la chigawo anali ndi mtsinje woti awoloke ndi phiri loti akwere, pomwe msika wake, abale ake ndi basi yomwe anaizolowera zonse zinali mbali ya Lundazi.

Yankho la boma linali msewu wa Matumbo–Chama, umodzi mwa misewu ya pulogalamu ya Link Zambia 8000 yomwe inayambitsidwa mu 2012. Umapatuka pa Great North Road pa Matumbo, kutsika chikweza, kuwoloka Luangwa pa mlatho n'kulunjika ku Chama. Panalinso mapulani oika phula kuchokera ku Isoka kudzera ku Muyombe ndi Chama mpaka ku Lundazi. Ntchito inayamba, koma ndalama zinayamba kuvuta. Ngongole za dziko zinakula mpaka mu Novembala 2020 Zambia inalephera kubweza ina mwa ngongole zake zakunja, ndipo misewu yambiri ya pulogalamuyi inaima panjira. Mu 2021 pulezidenti Hakainde Hichilema anabwezera Chama ku chigawo cha Kummawa. M'zaka khumi boma limodzi linasinthidwa chigawo kawiri, ndipo kusaina kusinthako kunafulumira kwambiri kuposa kuthira phula.

Komatu nkhani ya msewuwu si ya anthu a ku Chama okha. Wamalonda wa ku Chipata wofuna kukafika ku Nakonde osachoka paphula komanso osatuluka m'Zambia amazungulira ku Lusaka, ulendo woposa makilomita 1,500. Njira ya Lundazi, Chama ndi Matumbo itakhala yabwino chaka chonse, mtundawo ungatsike pafupifupi ndi theka. Ndiye kuti thonje, fodya ndi soya za Kummawa zingakhale ndi madoko awiri osankhapo: Dar es Salaam kumpoto, ndi Nacala kudzera pa Mwami ndi Mchinji, pomwe Hichilema ndi Lazarus Chakwera, pulezidenti wa Malawi panthawiyo, anatsegula chipata chogwirira ntchito pamodzi mu Disembala 2022. A ku Mzimba ndi Rumphi, omwe chilankhulo chawo n'chapachibale ndi Chisenga, nawonso angapindule. Ambiri amawoloka kale pa Lusuntha kukagula ndi kugulitsa ku Lundazi.

Pali chodetsa nkhawa chimodzi chomwe sichiyenera kubisidwa. Chigwachi ndi cha njovu ndi njati, moyandikana ndi nkhalango ya North Luangwa, ndipo msewu wabwino umafulumizitsa lole ya makala ndi nyama yozembetsa mofanana ndi ya mpunga. Bungwe la COMACO lakhala likugula mpunga wa ku Chama n'cholinga choti mlimi apeze ndalama m'munda, asiye misampha. Koma wogula aliyense, kaya ndi bungwe kaya vendala, amayamba wawerengera dizilo, matayala ndi masipuling'i othyoka asanatchule mtengo, ndipo ndalama imeneyo imachotsedwa pa thumba la mlimi wa kwa Tembwe.