Thumba la Ufa Silipoletsa Bala: Zimene Gulu Lathu la Zacifundo Linaphunzira pa za Nkhanza za m'Banja

Gulu lathu la zacifundo limakumana pa parishi Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Tilipo anthu ngati makumi awiri: aphunzitsi, alimi, amai ogulitsa pa msika, ndiponso madoda angapo amene anapuma pa nchito. Nchito yathu ndi yodziwika kwa onse: kuzonda odwala, kufolera nyumba za nkhalamba, kugulira ana amasiye zobvala za ku sukulu, ndi kugawa ufa m'miyezi ya njala. Pa zimenezi tinali kudziyesa akatswiri, mpaka tsiku limene mai wina wa mu mphakati wathu anatiphunzitsa manyazi.

Maiyu anabwera kwa ife katatu. Ulendo woyamba anapempha ufa, ndipo tinampatsa. Ulendo waciwiri anabwera diso lili lotupa, nanena kuti anagunda citseko mumdima. Tinaona kuti si citseko, koma tinakhala cete. Ulendo wacitatu anaulula kuti mwamuna wake amammenya, ndipo ndalama zonse za nsawawa zimene analima yekha anamlanda. Ife tinampatsa ufa ndi citenje, tinapemphera naye, ndipo tinamlangiza kuti apite kwa ankhoswe. Pomperekeza tinamuuza mau amene tonsefe tinakula nao, akuti banja ndi kupirira.

Patapita miyezi iwiri tinamva kuti ali m'cipatala, mkono uli wothyoka, khutu limodzi losamvanso. Amene anapulumutsa moyo wake ndi mwana wake wa zaka zisanu ndi zinai, amene anathamanga usiku kukadzutsa anansi. Pa msonkhano wotsatira panalibe amene anafuna kuyamba kulankhula. Potsiriza amai a pampando anatikumbutsa kuti safunsa anadya phula, ndipo tinagwirizana zoitana anthu odziwa kuti adzatiphunzitse. Anabwera wapolisi wamkazi wa ku Victim Support Unit, namwino wa pa cipatala ca boma, ndi Bambo Mfumu athu.

Kukula kwa bvutoli

Wapolisi uja anayamba ndi kutifotokozera kuti nkhani ya mai wa mu mphakati wathu si yacilendo ai. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi ciwerengero ca anthu wa mu 2018 anapeza kuti pa akazi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Zambia muno, 36 anamenyedwapo kuyambira pamene anali ndi zaka 15. Pa akazi 100 alionse amene anakwatiwapo, 47 anacitidwapo nkhanza ndi amuna ao, kaya pomenyedwa, kaya pokakamizidwa kugona nao, kaya pozunzidwa ndi mau. Comvetsa cisoni koposa ndi cakuti oposa theka la akazi ocitidwa nkhanza sanapemphe cithandizo ndipo sanauzeko munthu aliyense.

Titamva ziwerengero zimenezi tinaganizira mabenci a m'chalichi mwathu pa Misa ya Lamulungu. Ngati zinthu zili conco m'dziko lonse, ndiye kuti pakati pa amai amene timapatsana nao moni wa mtendere alipo ambiri amene amabisa mabala pansi pa duku ndi citenje. Aliponso amuna amene amazunzidwa ndi akazi ao, koma amaopa kusekedwa akaulula. Ndipo m'nyumba iliyonse yotere muli ana amene amamva zonse ali pansi pa bulangeti.

Zimene lamulo limanena

Ambiri mwa ife tinali kuganiza kuti kumenyana kwa m'nyumba ndi nkhani ya ankhoswe ndi anyakwawa cabe. Tinaphunzira kuti ndi mlandu. Nthambi ya polisi ya Victim Support Unit inakhazikitsidwa mu 1994 kuti izisamalira milandu yotere, pamodzi ndi ya kuzunza ana ndi kulanda katundu wa amasiye. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lochedwa Anti-Gender-Based Violence Act. Lamuloli limachula nkhanza za mitundu inai: kubvulaza thupi, kukakamiza za kugonana, kuzunza mtima mwa kutukwana ndi kuopseza, ndiponso nkhanza za cuma, monga kumana banja cakudya mwadala, kulanda ndalama za mnzako kapena kumletsa kugwira nchito.

Pansi pa lamulo limeneli khoti lingathe kupereka cikalata ca citetezo, coletsa wozunzayo kupitiriza nkhanza zake kapena kuyandikira wozunzidwa. Lingathenso kulamula kuti wozunzayo ndiye ayambe wacoka pa nyumba, kuti mai ndi ana asagone panja. Mu 2016 boma linatsegula makhoti ozenga milandu ya nkhanza mofulumira ku Kabwe ndi ku Lusaka, ndipo pambuyo pake makhoti otere anafikanso ku matauni ena, monga Chipata.

Namwino uja anatifotokozera za malo ochedwa One Stop Centre amene ali m'zipatala zambiri. Kumeneko wobvulala amapeza mankhwala, uphungu, wapolisi ndi cithandizo ca za malamulo pa malo amodzi, osazungulira maofesi ali ndi ululu. Anatsindika cinthu cimodzi cimene tonse tinalemba: munthu amene wagwiriridwa afike ku cipatala maola 72 asanathe, cifukwa mankhwala oteteza ku kacirombo ka HIV amagwira nchito akayambidwa m'nthawi imeneyo. Anatipatsanso manambala aulere a lamya: 933 kwa ozunzidwa, ndi 116 pa nkhani za ana.

Pamene tinalakwira

Gawo lowawa la maphunziro linali lakuona zolakwa zathu. Coyamba, tinaona diso lotupa ndipo sitinafunse. Tinaphunzira kuti munthu wozunzidwa kawirikawiri amayamba wayesa madzi ndi cala: amapempha ufa kapena sopo, akuyang'ana ngati angatikhulupirire. Tiyenera kumtengera pambali, mwamuna wake kapena acibale a mwamuna palibe, ndi kumfunsa mofatsa ngati ali pa mtendere ku nyumba.

Caciwiri, ataulula tinathamangira kulangiza m'malo momvetsera. Wina wa ife anamfunsa cimene anacita kuti mwamuna akwiye. Funso lotere limasenzetsa wozunzidwa mlandu wa womzunza, ndipo limatseka pakamwa pake. Ndiwo zikapsereza, kapena mkazi akacedwa ku cigayo, pali zokambirana, koma palibe colakwa cimene cilango cake ndi cibakera.

Cacitatu, tinamtumiza kwa ankhoswe osafunsa ngati moyo wake uli pa ngozi. Ankhoswe ndi alangizi ali ndi nchito yolemekezeka pa mikangano ya masiku onse. Koma pali zizindikiro zimene zikaoneka nkhaniyo yapitirira msinkhu wao: mwamuna akamkanyanga mkazi pakhosi, akamuopseza kuti adzamupha kapena adzadzipha, akatenga nkhwangwa kapena mpeni, akammenya ali ndi pakati, kapena kumenyako kukamanka kukulirakulira. Kuwakhazika awiriwa pa mphasa imodzi nthawi yotere ndi kuika mai pa ngozi, pakuti zimene adzanena pa bwalo adzazilipira usiku.

Tinaphunziranso kuti nthawi yoopsa koposa ndi pamene wozunzidwa akufuna kucoka, kapena atangocoka kumene. Cifukwa cake sitiyenera kumkakamiza kapena kumpangira zosankha. Tingamthandize kukonzekera mwakacetecete: kusungitsa kwa mnansi wokhulupirika citupa cake, makadi a ana a ku sikelo, mankhwala, zobvala zocepa ndi kandalama ka ulendo, kudziwiratu khomo limene angagogode usiku, ndi kupangana cizindikiro coti anansi adziwe kuti zinthu zaipa. Ndipo zonse zimene watiuza zikhale cinsinsi. Nkhani yotere ikafika pa mjigo, imafikanso kwa womzunza.

Kodi Mpingo umati ciani?

Funso limene linali kutibvuta tonse linali lakuti: kodi tikathandiza mai kucoka pa nyumba, sitikupasula ukwati umene Mulungu anamanga? Bambo Mfumu anayankha mosabisa. Ukwati wa sakramenti sutha, ndipo Mpingo sudzaleka kuphunzitsa zimenezo. Koma malamulo a Mpingo omwewo, amene anasindikizidwa mu 1983, pa nambala 1153 amanena kuti ngati mmodzi wa okwatirana aika mnzake kapena ana pa ngozi yaikulu ya thupi kapena ya mzimu, winayo ali ndi cifukwa coyenera copatukira. Ngati kucedwa kungadzetse ngozi, angathe kucoka ngakhale asanalandire cilolezo ca akulu a Mpingo. Papa Fransisko, m'kalata yake ya za banja ya mu 2016 yochedwa Amoris Laetitia, pa nambala 241, anaphunzitsa kuti nthawi zina kupatukana kumakhala kofunikira ndithu pofuna kuteteza wofooka ndi ana ku nkhanza.

Motero mai amene wathawa nkhonya sanacimwe, ndipo kupatukana kokha sikumletsa kulandira Ukaristia. Wonyoza malonjezo a pa guwa ndi uja amene anasandutsa nyumba kukhala malo a mantha. Bambo Mfumu anatikumbutsa kuti Paulo Woyera, m'kalata yake kwa Aefeso, amapatsa amuna citsanzo ca Khristu amene anafera Mpingo wake. Anawonjeza kuti kukhululuka ndi udindo wa mkhristu aliyense, koma kukhululuka sikutanthauza kubwerera kumene ukaphedwe. Wozunzayo nayenso ndi mwana wa Mulungu, ndipo kumkonda ndiko kumletsa kucimwa, ngakhale zitafunika kuti aonekere pa khoti.

Potsiriza anatiuza kuti tisinkhesinkhe za Msamariya wacifundo. Iye sanangosiyira wobvulala uja cakudya m'mbali mwa mseu. Anamcotsa pa malo a ngozi, namtengera kwa munthu amene akanatha kumsamala, nalipira, nalonjeza kubweranso. Ife tinali titacita mbali yoyamba yokha, yomva cisoni.

Malo enieni a thumba la ufa

Wapolisi uja anatiuza cinthu cimene cinatibwezera mphamvu. Amai ambiri amakacotsa milandu ku polisi, osati cifukwa cakuti nkhanza zatha, koma cifukwa womangidwayo ndiye amagula cakudya ndi kulipira nyumba, ndipo acibale ake amamuopseza maiyo. Njala ndiyo imambweza ku nkhonya. Apa ndi pamene gulu ngati lathu lingathandize koposa. Ife sitili apolisi, sitili anamwino, sitili oweruza. Koma thumba la ufa, ndalama ya basi yopitira ku khoti, kampamba koyambira malonda, ndi munthu womperekeza ku cipatala, zimenezi zimapatsa mai ufulu wosankha mopanda mantha a njala.

Tinapangana zinthu zinai. Tinasankha amai awiri ndi bambo mmodzi odziwa kusunga cinsinsi kuti akhale olandira nkhani zotere. Tinapatula gawo la thumba lathu kuti likhale la maulendo a ku cipatala, ku polisi ndi ku khoti. Mabanja atatu anadzipereka kulandira mai ndi ana kwa usiku umodzi kapena uwiri pamene cithandizo cokhalitsa cikufunidwa, monga nyumba zothawirako zimene boma ndi mabungwe ngati YWCA amayendetsa. Ndipo madoda a gulu lathu analonjeza kulankhula za nkhanza m'misonkhano ya abambo ndi pa maphunziro a okonzekera ukwati, pakuti mau ena mwamuna amawamva bwino akacokera kwa mwamuna mnzake.

Mai uja tinapita kukampepesa. Anatilandira mwaulemu, koma sanatibisire kuti tsiku limene tinambweza analira njira yonse. Tsopano akukhala kwa mkulu wake pamodzi ndi ana, ndipo amagulitsa tomato ndi kapenta. Mkono unapola; khutu silinabwerere. Za mtsogolo mwa banja lake adzasankha yekha, pa nthawi yake.

Caka ciliconse, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, dziko lathu limagwirizana ndi maiko ena pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza zotere. Tikupempha magulu anzathu a zacifundo, mabungwe a amai ndi a abambo, ndi miphakati yonse, kuti pa masiku amenewa muitane wapolisi wa Victim Support Unit ndi namwino wa kwanuko adzakuphunzitseni. Musadikire kuti wina athyoke mkono monga tinacitira ife. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe, pa mlongo wako, kapena pa mwana wako wamkazi amene unamperekeza ku guwa ndi nthungululu.