Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika: momwe oimba angasamalire thupi ndi luso lawo

Anthu akamabalalika pamalo azisangalalo m'bandakucha atavina usiku wonse, ntchito ya woimba imakhala isanathe. Pamakhala kumasula mawaya, kupakira masipika m'galimoto ndi kuuyamba ulendo wopita komwe kuli phwando lina la zoimbaimba. Gulu lomwe laimba ku Blantyre Lachisanu usiku limatha kupezeka ku Lilongwe Loweruka, mtunda wa makilomita oposa 300, kenaka n'kukamalizira ku Salima Lamulungu masana.

Oimba ambiri sachita izi mwakufuna. Nthawi yomwe malonda a makaseti ndi ma CD ankadyetsa banja idapita, ndipo masiku ano nyimbo zimangokoperedwa m'mafoni popanda mwini wake kupezapo kanthu. Bungwe la Cosoma, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso, limagawa ndalama kwa oimba, koma ndalamazo zimabwera mwa apo ndi apo. Choncho woimba akapanda kukwera pansanja, pakhomo pamavuta.

Moyo wothamangathamangawu umadya zinthu ziwiri nthawi imodzi: thupi la woimba ndi chitsime chomwe amatungamo nyimbo. Gitala akathyoka amagula wina, koma khutu, mmero ndi impso sizipezeka m'sitolo.

Khutu limafa mwakachetechete

Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati munthu asapitirire maola asanu ndi atatu patsiku pamalo pomwe phokoso lafika madesibelo 85, ndipo phokosolo likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo imadulidwa pakati. Likafika pa 100, lomwe ndi phokoso lopezeka kawirikawiri pafupi ndi masipika a zoimbaimba, malire amakhala mphindi 15 zokha. Woimba amaima pamenepo kwa maola angapo, sabata ndi sabata.

M'kati mwa khutu muli timaselo ting'onoting'ono tooneka ngati ubweya, tomwe timalandira mawu n'kuwatumiza ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. Chenjezo loyamba ndi kulira kwa m'khutu kapena kumva ngati m'khutu mwatsekedwa thonje munthu akachoka pansanja. Poyamba zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma zikamabwerezabwereza zimakhazikika. Woimba wotero amayamba kupempha kuti amukwezere masipika chifukwa sakudzimva bwino, zomwe zimangowonjezera vutolo.

Chitetezo chake si chodula. Pali totsekera m'khutu tomwe timachepetsa phokoso popanda kusokoneza kamvekedwe ka nyimbo, ndipo woimba ng'oma ndi onse oima pafupi naye ndiwo ayenera kukhala oyamba kutivala. Kuchepetsa phokoso pokonzekera nyimbo, kupewa kuima kutsogolo kwenikweni kwa sipika komanso kupumitsa makutu tsiku lotsatira kumathandizanso. Ofuna kuyezetsa makutu angathe kupita kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe.

Mmero nawo umatopa

Mawu amapangidwa ndi timinofu tiwiri tomwe tili pakholingo. Mpweya ukamatuluka m'mapapo, timinofuti timagundana maulendo oposa 100 pasekondi iliyonse kwa mwamuna, ndipo kwa mkazi chiwerengerochi chimafika pa 200 kapena kuposerapo. Woimba akamakuwa kwa maola ambiri polimbana ndi phokoso la zida, timinofuto timatupa, mwinanso kumera tizotupa tolimba ngati zikang'a za m'manja mwa mlimi.

Vutoli silisankha wotchuka kapena wongoyamba kumene. M'chaka cha 2011, woimba wa ku Britain, Adele, adaimitsa maulendo ake a zoimbaimba n'kukachitidwa opaleshoni ya pakholingo mumzinda wa Boston ku America, timinofu ta mawu ake titatuluka magazi.

Monga wosewera mpira amayamba watenthetsa thupi asanalowe m'bwalo, woimba naye ayenera kudzutsa mawu pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo asanagwire maikolofoni. Madzi akumwa okwanira amafewetsa mmero, pomwe mowa, utsi wa fodya ndi fumbi la m'chilimwe zimauumitsa. Mawu akasasa, mankhwala ake oyamba ndi kukhala chete. Kunong'ona sikupumitsa mmero monga ambiri amaganizira, chifukwa nakonso kumaumiriza timinofu tija. Kusasa kukapitirira masabata atatu, ndi bwino kukaonana ndi dokotala.

Tulo, msewu ndi mapiritsi

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera asanu ndi awiri. Woimba yemwe watsika pansanja m'bandakucha n'kugwira yekha chiwongolero amaika pachiswe moyo wake ndi wa gulu lonse, pakuti tulo timafooketsa maso ndi maganizo mofanana ndi mowa. Gulu lokonzekera bwino limakhala ndi dalaivala yemwe wagona pamene anzake amaimba, apo ayi limadikira kuti kuche.

Pofuna kupirira, ena amadalira zakumwa zopatsa mphamvu, mowa ndi mapiritsi opha ululu wa msana ndi mutu. Mankhwala monga ibuprofen ndi diclofenac akamamwedwa pafupipafupi popanda uphungu wa achipatala angathe kuwononga impso ndi kuyambitsa zilonda zam'mimba, makamaka thupi likakhala kuti lataya madzi ambiri chifukwa cha thukuta.

Nkhani ya impso idakhudza Amalawi ambiri pa 30 June 2024 pomwe Lucius Banda, yemwe ankadziwika kuti Soldier, adamwalira ku South Africa ali ndi zaka 53 atavutika ndi nthendayi kwa nthawi yaitali. Matenda a impso angagwire munthu wa ntchito ina iliyonse, ndipo zomwe zimawayambitsa kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Matenda awiriwa amatha kukhala m'thupi kwa zaka popanda chizindikiro, choncho munthu yemwe amagona mochedwa, kudya zokazinga za m'mbali mwa msewu ndi kukhala pagalimoto maola ambiri ayenera kuyezetsa ngakhale akudzimva kuti ali bwino.

Chitsime cha nyimbo chikaphwa

Kutopa kumaonekeranso m'nyimbo. Woimba yemwe moyo wake wangokhala galimoto, nsanja ndi situdiyo amasowa chatsopano choti anene, ndipo chimbale chachitatu chimamveka ngati choyamba. Omvera amazindikira msanga mawu ndi kayimbidwe zikayamba kubwerezedwa.

Mbiri ya nyimbo za m'dziko muno ikusonyeza kuti omwe adasiya dzina anali anthu odziwa kumvetsera. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adatenga kwela, yemwe adatchuka ku South Africa, n'kumupatsa kakomedwe ka kuno kwathu. Wambali Mkandawire, yemwe adamwalira mu January 2021, adaluka nyimbo zake za jazi pa ng'oma ndi mang'ombe a Chitumbuka. Gulu la Madalitso Band lidayambira m'misewu ya Lilongwe ndi gitala komanso babatoni wopanga okha, ndipo laimbapo m'maiko ambiri a ku Ulaya.

Chuma chotere chikadalipo. Gule wamkulu ndi vimbuza adazindikiridwa ndi bungwe la Unesco m'chaka cha 2005, ndipo tchopa adatsatira mu 2014. Palinso manganje, beni, malipenga, chioda ndi ingoma. Woimba wa m'tauni yemwe angapatule masiku ochepa kukakhala pansi ndi oimba ng'oma a kumudzi angabwerere ndi zambiri kuposa zomwe angapeze pa intaneti mwezi wathunthu.

Kugwira ntchito ndi ena ndi njira inanso. M'chaka cha 2020, Patience Namadingo adajambulanso nyimbo zakale pamodzi ndi akamuna a m'mbuyomu, mmodzi mwa iwo Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, yemwe adabadwa mu 1930. Nyimbo ya Linny Hoo idafalikira maiko ambiri kudzera pa TikTok mwini wake ali ndi zaka zoposa 90. Wachinyamata adapeza mizu, wachikulire adapeza omvera atsopano.

Kupuma nakonso ndi gawo la kupeka. Munthu akagona, ubongo umasanja zomwe wamva ndi kuphunzira masana, n'chifukwa chake ganizo lomwe limakana usiku limatha kubwera lokha m'mawa. Paul McCartney wa gulu la The Beatles wakhala akufotokoza kuti kayimbidwe ka nyimbo yotchuka ya Yesterday adadzuka nako kutulo. Ganizo lotere silichedwa kuthawa, ndiye kulijambula pafoni nthawi yomweyo kapena kulilemba m'kabuku n'kofunika.

Udindo si wa woimba yekha

Okonza zoimbaimba ali ndi mbali yawo. M'chaka cha 2022, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa ndondomeko yolimbikitsa kuti phokoso pamalo azisangalalo lisamapitirire madesibelo 100, pazikhala malo opanda phokoso opumulirako makutu, komanso anthu azipeza totsekera m'khutu. Kuyamba zoimbaimba pa nthawi yomwe yalengezedwa, kupereka madzi akumwa ndi malo ogona kwa oimba kungachepetse maulendo a usiku.

Kwa woimba mwini, chovuta kwambiri ndi kukana ntchito pamene ndalama ikufunika. Komabe tsiku limodzi lopuma pasabata, kuyezetsa magazi ndi makutu kamodzi pachaka komanso kupatulako kangachepe kothandizira pa nthawi ya matenda zimatchipa poyerekeza ndi miyezi yokhala pakhomo mawu atatha. Khutu lomwe walisamala lero ndi lomwelo lidzamve ng'oma ya kumudzi yomwe idzabale nyimbo yake yotsatira.